Kodi "khoswe akakhala pamkhate sapheka" akutanthauzanji pa thalakitala yomisa?

Mlimi wa ku Jali:
Akuluakulu, ndithandizeni mwambi uwu. Massey Ferguson 135 ya kalabu yathu ikumisa. Ikalira injini ikugwedezeka, utsi woyera ukutuluka modukizadukiza, ndipo ikakoka pulawo mphamvu palibe. Madala ena okonza mathalakitala ataimvetsera angoti "khoswe wakhala pamkhate," n'kukana kumasula pampu ya dizilo. Kodi mkhate ndi mtsuko womwewu? Nanga mawuwa akutanthauza kuti thalakitalayi yatha basi?

Mphunzitsi wopuma, Domasi:
Achimwene, mkhate si mtsuko ayi. Zonse ndi zoumba ndi dothi, koma mtsuko uli ndi khosi ndipo ndi wotungira ndi kusungira madzi akumwa. Mkhate ndi waukulu, wakukamwa kotambasuka, ndipo makolo ankathiramo madzi osamba. Khoswe akakwera pamenepo, mwini nyumba amagwira chibonga koma dzanja limalemera, chifukwa akaphonya pang'ono aswa mkhate, khosweyo n'kuthawa ali wamoyo. Akuluakulu amaunena pabwalo wolakwa akakhala mwana wako, mbale wako kapena munthu amene umadalira: mlandu ukuoneka, koma pomulanga uwononga chinthu chako chomwe. Sutanthauza kuti zinthu zatheratu.

Makaniko wa ku Chinamwali:
Aphunzitsi alongosola bwino, ndipo madalawo sanalakwe posankha mwambi. Pa injini imeneyi mkhate ndi pampu. 135 ili ndi injini ya Perkins AD3.152 ya masilinda atatu, ndipo pampu yake ndi CAV DPA. M'kati mwake zitsulo zimagwirana mothina kwambiri moti kamchenga kamodzi kakhoza kukala mutu wa pampu. Kuimasulira pansi pa mtengo wa mango, fumbi la mu Okutobala likuuluka, ndiko kuswa mkhateko.

Koma ine ndikukayika ngati khosweyo alidi pamenepo. DPA ili ndi timapulanja (timapisitoni tating'ono) tiwiri tokha topopa dizilo, ndipo timeneti timagawira masilinda onse mosinthana. Ikatopa, kawirikawiri imafooketsa injini yonse: imavuta kulira ikatentha, mphamvu imachepa paliponse. Silinda imodzi yokha ikamafa, wolakwa nthawi zambiri ndi injekita (chopopera dizilo mu silinda), vavu kapena kompuresheni (kupanikizika kwa mpweya mu silinda). Ndiye choyamba dziwani ngati kumisako ndi kwa silinda imodzi kapena kukungoyendayenda.

Lizani injini pa sitepe yotsika. Tengani sipanala ya 5/8, masulani pang'ono nati ya paipi yachitsulo pamene yalowera mu injekita yoyamba, theka la kuzungulira basi, mpaka dizilo ayambe kutuluka. Mvetserani. Injini ikatsika mawu n'kugwedezeka kwambiri, silinda imeneyo imagwira ntchito. Mangani, pitani pa yachiwiri. Pamene mwamasula koma kulira osasintha, silinda yakufa ndi imeneyo. Phimbani natiyo ndi kansanza ndipo dzanja likhale kutali. Dizilo wa m'mapaipi amenewa amatha kuboola khungu, ndipo bala lake ndi lothamangira nalo kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale likuoneka laling'ono.

Mukaipeza, sinthanitsani injekita yake ndi ya silinda yabwino. Vuto likasamuka nayo, nozo, nsonga ya injekitayo, ndiyo yatha kapena yatsekeka ndi mwaye. Likatsala pomwepo, injekita ilibe mlandu.

Mayi a ku Songani:
Pamwambipo ndiwonjezere pang'ono. Agogo akamati "sapheka" sankatanthauza kuti khoswe umusiye adye chimanga mpaka kalekale. Umamuingitsa atsike, kapena umasuntha mkhate mosamala, kenako n'kumupha ali pansi. Ena amafupikitsa n'kungoti "khoswe wa pamkhate," kunena munthu wovuta kumudzudzula chifukwa cha pamene wakhala. Choncho madalawo mwina amati musathamangire chibonga.

Wokonza mathalakitala, Thondwe:
Bambo a ku Chinamwali ayambira pa injekita, ine ndikanayambira kumbuyo kwake, chifukwa mathalakitala ambiri a kuno amamwa dizilo wa m'zigubu ndi m'migolo yogona panja. Madzi ndi zinyalala ndiwo amayambitsa kumisa koyendayenda kuja, kumene pomasula manati mumapeza silinda iliyonse ikusintha mawu koma injini ikudukizabe.

Yang'anani kambale kagalasi ka pansi pa sefa. Madzi amalemera kuposa dizilo, ndiye amakhala pansi ndipo mzere wake umaoneka. Khuthulani, ikani sefa yatsopano ya CAV 296 pamodzi ndi malabala ake onse. Labala wapamwamba amalowa mumsewu wa pamutu wa sefa, osati kungomusanjika pa sefayo. Akakhala molakwika amatseka njira ya dizilo kapena kulowetsa mphepo. Tsegulani pompi wa pansi pa thanki, muchotse paipi: dizilo azituluka modzaza paipi, osati modontha. Akamadontha, kasefa ka m'thanki katsekeka ndi dzimbiri. Tsegulaninso chivindikiro cha kapampu kokoka dizilo m'mbali mwa injini, m'menemo muli kansefa kawaya kamene anthu amaiwala. Ndipo kabowo kopumira ka pachitsekero cha thanki kakatsekeka ndi fumbi, thalakitala imalima bwino kanthawi kenako n'kuyamba kufooka. Mukatsegula chitsekero n'kumva mpweya ukukokedwa, vuto ndi limenelo.

Mukatero tulutsani mphepo mwadongosolo. Masulani bawuti ya pamutu wa sefa, popani ndi kachogwirira ka kapampu kaja mpaka thovu lithe, mangani. Kenako timabawuti tiwiri ta pa DPA, kapansi koyamba, kapamwamba pambuyo, sipanala ya 5/16, ndipo musamange mwamphamvu chifukwa timathyoka msanga. Kachogwirira kakamapepuka osapopa, zunguzani injini kamodzi kuti kamu yokankha kapampuko ichoke pamwamba. Pomaliza masulani manati a mapaipi pa ma injekita awiri, gwetsani sitata mpaka dizilo atuluke wopanda thovu.

Chinanso, dizilo wosakaniza ndi palafini ndi mdani wa DPA. Pampu imeneyi ilibe oyilo wakewake, imafewetsedwa ndi dizilo yemweyo, ndipo palafini ndi wouma.

Mlimi wa ku Jali:
Zikomo nonse. Tayesa monga mwanenera. Sefa yasinthidwa, madzi analimo ochepa. Silinda yakufa ndi yachitatu, ndipo titasinthanitsa injekita vuto latsala pa yachitatu pomwepo. Utsi woyera umachuluka m'mawa ndipo umawawa m'maso. Ndiye kuti ndi pampu?

Makaniko wa ku Chinamwali:
Ayi bambo, musafike kumeneko msanga. Utsi woyera wowawa m'maso, wonunkha dizilo, ukusonyeza kuti dizilo akufika mu silinda koma sakupsa. Pampu ikutumiza, chimene chikusowa ndi kutentha kobwera ndi kompuresheni. Ukanakhala utsi woyera wosanunkha wozimirira msanga, madzi a mu ladiyeta n'kumachepa, tikanaganizira gasiketi ya hedi. Wakuda ndi dizilo wochuluka kapena mpweya wochepa, wabuluu ndi oyilo.

Injini itazizira, chotsani chivindikiro cha pamwamba muone mavavu. Mpata wa pakati pa lokala (kachitsulo kokankha vavu) ndi mutu wa vavu pa Perkins imeneyi ndi 0.30 mm itazizira, mavavu onse, wolowetsa ndi wotulutsa. Zunguzani injini ndi dzanja mpaka pisitoni yachitatu ifike pamwamba mavavu onse awiri atatseka, ndiye lowetsani fila geji, kachitsulo kopyapyala koyezera mpata. Mpata ukasowa, vavu simakhala bwino pampando wake, mpweya umathawa, ndipo ikakhalitsa choncho imapsa m'mphepete. Onaninso ngati sipuling'i ya vavu yathyoka, kapena ngati vavu ina ikukakamira osabwerera. Mpata ukakhala waukulu mopitirira, funani chimene chapindika kapena chadyeka musanangomanga sikuluwu.

Mavavu akakhala bwino, yezani kompuresheni ndi geji ya dizilo, yolowera pabowo la injekita. Ya petulo siingapirire. Chofunika kwambiri ndi kufananiza masilinda atatuwo. Imodzi ikatsika kuposa anzake ndi zoposa 10 peresenti, pali kutayikira. Popanda geji, chotsani chitsekero cha pothirira oyilo injini ikulira: ikamapuma utsi mwamphamvu motsatana ndi kugunda, maling'i a pisitoni atha. Mluzu wa ku ekizozi kapena kopumira pozunguza ndi dzanja ukuloza vavu. Thovu losalekeza mu ladiyeta likuloza gasiketi.

Wokonza mathalakitala, Thondwe:
Pobwezera injekita ikani wochala wamkuwa watsopano, mmodzi yekha, ndipo onetsetsani kuti wakale sanatsalire m'bowo. Awiri akasanjikana nozo imakwera, dizilo sapopera pamalo pake, ndipo silinda imamisa ngakhale zonse zili bwino. Manati awiri ogwira injekita muzimanga mosinthana pang'onopang'ono kuti isapendeke.

Ngati kompuresheni ili bwino ndipo mpata wa mavavu uli bwino, pamenepo ndiye pampu ichoke, chifukwa kavavu ka potulukira paipi yachitatu kakhoza kukhala ndi vuto. Musanaichotse onani kamzere kolembedwa pa pampu ndi pa chivindikiro cha magiya, kuti taimingi isasokonekere pobwezera. Tsekani mabowo onse ndi pulasitiki woyera, muitumize pamodzi ndi ma injekita atatu onse kwa amene ali ndi benchi yoyezera, monga aku Blantyre ndi Limbe. Amene ali ndi Ford 5000 adziwe kuti zawo n'zosiyana: pampu ya Simms ili ndi pulanja yakeyake pa silinda iliyonse, ndiye imatha kupha silinda imodzi, komanso imafuna kusinthidwa oyilo wake.