Ndikufuna kumalemba za mano pa Wikipedia ya Chichewa, ndiyambire pati?

Nachisale_Ndirande:

Moni nonse. Ine ndine dental therapist pa chipatala china muno mu Blantyre ndipo ntchito yanga yambiri ndi kuzula basi, chifukwa anthu amabwera dzino litatheratu, tsaya litatupa, usiku wonse osagona. Ukafunsa kuti nanga munali kuti, wina akuti ndimaika mchere, wina adyo, wina anauzidwa kuti m'dzinomo muli kanyongolotsi nde anakafukiza kuti katuluke. Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi ana. Dzino lalikulu lakumbuyo lija limamera mwana ali ndi zaka 6, limangotulukira kuseri kwa mano aubwana popanda lina kuguluka, nde makolo amaliyesa laubwana, likabooka amati lisiyeni ligwa lokha, chonsecho ndi dzino la moyo wake wonse.

Ndamva kuti pa Wikipedia aliyense atha kulemba komanso kuti ilipo ya Chichewa. Alipo muno anayesapo? Amafuna mapepala a sukulu? Pali kangachepe kapena ndi zongodzipereka? Nanga ndingalembe zomwe ndimaona kuntchitozi? Laputopu ndilibe, ndi foni yokha.

mkonzi_waku_Chilomoni:

Asisi mwaganiza bwino zedi, bwerani tikusowa anthu. Ndimakonzako nkhani kumeneko ndikapeza mpata, za mano si mbali yanga koma njira yake ndikuidziwa.

Mapepala safunsa, ndalamanso palibe olo 1 kwacha, bandulo ndi yanu yomwe. Chiyambireni mu 2001 olemba ake ndi ongodzipereka. Akaunti mumatsegula ulere, ndipo musaike dzina lanu lenileni ngati simukufuna odwala azikulondolani. Ya Chichewa ili pa ny.wikipedia.org, ndi yaing'ono kwambiri, nkhani zambiri ndi za mizere iwiri itatu, nde chilichonse chabwino chomwe mungaike chioneka. Foni imatheka bwinobwino, ine ndimayamba ndalemba mu notes magetsi akathima kenako n'kukamata netiweki ikakhala bho.

Koma funso lanu lomalizalo ndi pomwe anthu achipatala ambiri amakhumudwira. Zomwe mwaona ndi maso anu sizilowa, olo zikhale zoona chotani. Wikipedia safuna kafukufuku wanuwanu, amafuna zomwe zinasindikizidwa kale pamalo odalirika ndipo chiganizo chilichonse chachikulu muzisonyeza komwe mwachitenga. Pa nkhani za umoyo ku Wikipedia ya Chingerezi ndi okhwima kuposa pena paliponse, ali ndi ndondomeko yawo imatchedwa MEDRS, amafuna mabuku a sukulu ya udokotala, malangizo a mabungwe ngati WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, ndi zolemba zomwe zinaunika kafukufuku wambiri pamodzi ngati za Cochrane. Nkhani ya munyuzipepala yoti wina wapeza mankhwala a dzino amaichotsa tsiku lomwelo. Poyamba zimaoneka ngati nkhanza koma taganizani, woziwerenga sakukudziwani, sangadziwe ngati walemba ndi inu kapena munthu wogulitsa mankhwala mu basi.

Osakopera buku liwu ndi liwu, werengani mutseke kenako mufotokoze m'mawu anu. Osatchula kiliniki yanu kapena ya mnzanu. Zithunzi za mkamwa mwa odwala ayi ndithu pokhapokha mwini wake atavomera momveka, chifukwa chithunzi chikalowa pa Wikimedia Commons, nkhokwe ya zithunzi za Wikipedia, aliyense padziko ali ndi ufulu wochigwiritsa ntchito. Yambirani mu sandbox yanu, ndi tsamba loyeserera, palibe angakuvuteni. Ndipo wina akasintha zomwe mwalemba musapse mtima, zonse zimasungika mu history, mumapita pa tsamba lokambirana n'kufunsana bwinobwino.

Madala_a_ku_Bangwe:

Mwana wanga cholinga ndi chabwino koma ndifunse nawo, awerenge ndani? Mayi amene akufukiza dzino uja ali pa Wikipedia? Anthu athu nkhani amamvera pa wailesi, kutchalitchi, kumzikiti, ku sikelo ya ana ndi pa WhatsApp. Amene ali ndi bandulo yosakira zinthu pa intaneti ambiri Chingerezi amachimva kale. Ine ndikuona ngati nthawi imeneyo mukanapita pa sukulu ya pulayimale ndi mswachi m'manja kukawaonetsa ana zikanapindula msanga.

Chinanso ndikuopa, munthu akawerenga pa foni amadziyesa dokotala. Mawa lino azikagula ma antibiotic pa golosale ati ndawerenga. Komanso ambiri sikuti sadziwa, ndi ndalama, mankhwala otsukira mano akwera, nyumba ya anthu 7 kachubu kamodzi sikachedwa.

wophunzira_za_mano_BT:

Madala mwanena zoona pa za ndalamazo, koma pa za owerenga ndikutsutsaniko pang'ono mwaulemu. Mayi uja sawerenga inde, koma HSA, mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake, ali ndi foni, aphunzitsi a Standard 4 ali ndi foni, wowulutsa mawu pa wailesi ya m'dera akamakonza pulogalamu ya zaumoyo amasaka pa foni yomweyo. Anthu amenewa ndi omwe amavutika kumasulira zinthu za Chingerezi paokha ndipo pomasulirapo ndi pomwe zimapotoka. Zolemba za pa Wikipedia chilolezo chake chimalola kukopera, kusindikiza, kutumiza pa gulupu, bola kutchula komwe zachokera. Nde nkhani imodzi yolembedwa bwino itha kumatidwa pakhoma la chipatala ku Lirangwe. Kupita ku sukulu ndi mswachi sikuletsa kulemba, zonse zichitike.

Asisi a Nachisale, zolemba zoti muyambire zilipo zambiri. Lipoti la WHO la 2022 likuti anthu pafupifupi 3.5 biliyoni padziko ali ndi matenda a mkamwa, ndi laulere pa intaneti. Kwathu kuno boma linakhazikitsa National Oral Health Policy mu 2022, imeneyonso mutha kuitchula ngati gwero. Maphunziro a udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe pano ndi Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland kudzera mu MalDent Project, kale onse ankakaphunzira kunja. Zoterezi wolemba wa ku London sangazivutikire, tikapanda kulemba ife zikhala choncho. Ku Scotland komweko ophunzira za mano a ku Dundee anayambitsa gulu lokonza nkhani za mano pa Wikipedia, ife chingatilepheretse n'chiyani.

Ine yomwe ndikufuna kwambiri ilembedwe ndi ya mano ofiira aja. Anthu a madera ena ngati ku Nsanje, Chikwawa ndi Machinga amanyozedwa kuti satsuka mkamwa pomwe vuto ndi madzi a pa mjigo okhala ndi fluoride wochuluka, amalowa m'dzino mwana akadali wamng'ono mano akupangika, nde olo ukwechese ndi makala kapena phulusa sizichoka, ukungopala dzino. Mlingo womwe WHO imati fluoride asapitirire m'madzi akumwa ndi 1.5 mg pa lita. Koma ilembedwe mosamala chifukwa fluoride yemweyo pa mlingo wabwino mu mankhwala otsukira mano ndi amene amateteza kubooka, munthu asawerenge theka n'kutaya chubu chake.

Chenjezo limodzi, pali chida chomasulira nkhani kuchoka ku Chingerezi, musangodina n'kusindikiza. Chichewa cha makina pa nkhani za chipatala chimatuluka chozungulira mutu. Bola mizere 10 yanuyanu yomveka.

mkonzi_waku_Chilomoni:

Pa mantha a madala aja, Wikipedia simalo olembera munthu mankhwala, simulemba kuti imwani awa kangati pa tsiku. Mumafotokoza kuti matendawa ndi chiyani, amayamba bwanji, amapewedwa bwanji, kuchipatala amachita chiyani. Pamenepo mutha kunena zomwe mabuku amanena, kuti antibiotic payekha sachiza dzino lobooka, pamafunika kumata, kuchotsa mtsempha kapena kuzula. Za kanyongolotsi zija muthanso kuzilemba ngati chikhulupiriro, zinalembedwa kale m'mabuku a mbiri ya udokotala wa mano chifukwa anthu a maiko ambiri ankakhulupirira zomwezo kalekale, si ife tokha. Basi osalemba monyoza.

Mukadzafika miyezi 6 ndi ma edit 500 pali Wikipedia Library, amakutsegulirani ma journal olipira aja ulere.

Madala_a_ku_Bangwe:

Chabwino ndamva. Mukalemba ya ana ija munditumizire, ndikawawerengere amayi a ku mpingo kwathu Lachinayi, ndione ngati aimve. Akapanda kuimva ndidzakuuzani mosabisa.

Nachisale_Ndirande:

Zikomo nonse, madala zimenezo nde ndikufuna, mudzandiuze pomwe asokonezeka ndikakonze. Akaunti ndatsegula ndipo ndayamba ndi kubooka kwa mano, ya ana ibwera pambuyo pake. Mu sandbox ndaika izi:

"Kubooka kwa mano ndi matenda omwe amayamba tizilombo ta mkamwa tikamadya shuga wotsalira pa mano n'kutulutsa asidi. Asidiyo amasungunula pang'onopang'ono chikuto cholimba cha dzino mpaka pamachita bowo. Poyamba sipamveka ululu, pamangooneka kadontho koyera kapena kakuda. Kutsuka mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride komanso kuchepetsa zotsekemera kumathandiza kupewa matendawa."

Ndikufuna kuonjezera zoti mwana amakhala ndi mano 20 ndipo wamkulu 32, ndi zoti chimapweteketsa kwambiri ndi kudya shuga pafupipafupi, maswiti apa, Sobo apa, tiyi wa masupuni anayi apa, mkamwa osapuma. Achimwene a ku Chilomoni, gwero la WHO lija ndikuliika bwanji pa foni? Ndadina pa cite koma pakubwera bokosi lofuna link, ndiike ya tsamba lonse kapena ya PDF yeniyeniyo? Ndipo wophunzira, ya mano ofiira ija tengani inuyo, ine mabuku ake ndilibe.