Kodi ndingachite bwanji kuti SSH ndi MySQL zizilandirira pa adiresi ya mkati yokha?

Kondwani:
Ndikuyang'anira seva ya Ubuntu ya pa ofesi yathu, yomwe ili ndi makadi awiri a netiweki. Khadi loyamba lili ndi adiresi ya IP yoonekera pa intaneti, 203.0.113.10, ndipo lachiwiri lili ndi 192.168.10.5, adiresi imene makompyuta a mu ofesi muno amafikirapo sevayi. Nditayendetsa lamulo la ss -tlnp, lomwe limaonetsa adiresi ndi port imene pulogalamu iliyonse ikulandirirapo, ndinaona kuti sshd (pulogalamu ya SSH yolowera pa seva muli patali) ikulandirira pa 0.0.0.0:22 ndipo MySQL (pulogalamu ya database) ili pa 0.0.0.0:3306, chifukwa amene ankayang'anira sevayi kale anaitsegula kuti pulogalamu ya maakaunti ya pa makompyuta ena izitha kufika ku database. Cholinga changa n'chakuti webusaiti yokha ndiyo izionekera kunja, pomwe SSH ndi MySQL zizifikirika kuchokera mu ofesi mokha. Ndikupempha amene akudziwa kuti andiunikire njira yoyenera.

Thokozani:
A Kondwani, adiresi ya 0.0.0.0 imatanthauza kuti pulogalamuyo ikulandira aliyense wobwera kudzera pa adiresi iliyonse imene sevayo ili nayo, choncho pulogalamu iliyonse muyenera kuiuza payokha adiresi yake. Mu fayilo ya /etc/ssh/sshd_config lembani mzere wa ListenAddress 192.168.10.5. Ku MySQL, tsegulani /etc/mysql/mysql.conf.d/mysqld.cnf n'kusintha bind-address kukhala 192.168.10.5. Ngati webusaiti yanu imafika ku database kudzera pa 127.0.0.1 (adiresi ya loopback, imene seva imadzifikira nayo yokha), lembani maadiresi onse awiri powalekanitsa ndi koma, zomwe MySQL inayamba kulola kuchokera pa 8.0.13. Ku Apache, pulogalamu yoyendetsa webusaiti, mu /etc/apache2/ports.conf, m'malo mwa Listen 80 ndi Listen 443 muike Listen 203.0.113.10:80 ndi Listen 203.0.113.10:443. Musanayambitsenso sshd yendetsani sshd -t kuti muone ngati fayiloyo ilibe cholakwika, ndipo windo limene mwalowera nalo musalitseke mpaka mutalowanso bwino pa windo lina.

Ganizani:
Zimene a Thokozani alemba n'zoona, koma pali vuto limene limaonekera pokhapokha seva ikazimitsidwa n'kuyatsidwanso, ndipo kwa ife amene magetsi amatithimira kawirikawiri, kuyatsanso kotere sikuchedwa kufika. Pulogalamu yomangidwa pa adiresi inayake imafuna kuti adiresiyo ikhale itaikidwa kale pa khadi pa nthawi imene ikudzuka. Ngati sshd yadzuka khadi lisanalandire 192.168.10.5, imalephera ndipo mu journalctl mumapeza mawu akuti Cannot assign requested address. Pamenepo mulibe njira ina yolowera kupatula kupita pa sevayo ndi kiyibodi ndi sikirini. Njira imene ine ndimaikonda ndi kuyendetsa systemctl edit pa service ya pulogalamuyo n'kulembamo Wants=network-online.target ndi After=network-online.target pansi pa [Unit], kuti idikire netiweki. Ena amaika net.ipv4.ip_nonlocal_bind=1 mu sysctl, zomwe zimalola pulogalamu kumangika pa adiresi yomwe sinafike, koma kusinthaku kumakhudza seva yonse ndipo kumabisa cholakwika ngati mwalemba adiresi molakwitsa. Onaninso kuti adiresi ya mkatiyo ndi yokhazikika mu netplan (momwe Ubuntu imasungira makonzedwe a netiweki), osati yochokera ku DHCP, imene imagawa maadiresi otha kusintha. Ndipo popeza kuyambira pa Ubuntu 22.10 SSH imadzutsidwa ndi ssh.socket, ngati muli pa Ubuntu 24.04 kapena yatsopano kuposa pamenepo, mukasintha ListenAddress yendetsani systemctl daemon-reload, yambitsaninso ssh.socket, kenako mutsimikize ndi ss kuti kusinthako kwagwira.

Mayi Alinafe:
Ine nditsindike mfundo imodzi, yakuti kumanga pulogalamu pa adiresi ya mkati sikulowa m'malo mwa firewall. Linux imaona adiresi ngati ya makina onse, osati ya khadi limodzi, kotero paketi yopita ku 192.168.10.5 ikafika kudzera pa khadi lakunja, kernel ikhoza kuilandira ndithu. N'zoona kuti maadiresi a 192.168 sayenda pa intaneti, monga RFC 1918 inakhazikitsira mu 1996, koma makina ena amene ali pa netiweki imodzi ndi khadi lanu lakunja atha kuwonjezera route imodzi yokha n'kufika pa port 3306. Choncho mu ufw kapena nftables, zida zoikira malamulo a firewall, lolani 22 ndi 3306 kuchokera ku 192.168.10.0/24 basi, ndiponso pa khadi la mkati lokha. Muyang'anenso mizere ya [::] mu ss, chifukwa ambiri amatseka IPv4 n'kuiwala kuti pulogalamu yomweyo ikulandirira pa IPv6. Mukadzaika Docker (chida choyendetsera mapulogalamu mu ma container) pa sevayi, dziwani kuti -p 3306:3306 imatsegula port pa maadiresi onse ndipo imalambalala malamulo a ufw, choncho adiresi muziilemba kutsogolo, monga -p 192.168.10.5:3306:3306.

Kondwani:
Zikomo kwambiri nonse. Ndasintha monga mwanenera, ndayatsanso sevayo, ndipo SSH yabwera payokha pa adiresi ya mkati. Ndili ndi funso lina. Tikuyembekezera adiresi yachiwiri yakunja, 203.0.113.11, yomwe ikhale ya imelo. Kodi ndikalemba adiresiyi mu inet_interfaces ya Postfix, pulogalamu yotumiza ndi kulandira imelo, makalata otuluka nawonso azichokera pomwepo?

Thokozani:
Postfix imachitadi zimenezo ngati inet_interfaces ili ndi adiresi imodzi yokha ya IPv4 yomwe si ya loopback, koma ndi bwino kusadalira pamenepo, chifukwa tsiku limene mudzawonjezere adiresi ina, kernel ndiyo idzasankhe adiresi yotulukira motsatira routing table. Lembani smtp_bind_address = 203.0.113.11 mu /etc/postfix/main.cf, ndipo pemphani amene akukupatsani intaneti kuti PTR ya adiresiyo (cholembedwa cha mu DNS chosonyeza dzina la adiresi) iloze ku dzina lomwe lili mu myhostname. Adiresiyo muiikenso mu SPF ya domain yanu (mndandanda wa maadiresi ololedwa kutumiza makalata m'dzina la domainyo), apo ayi Gmail ndi Outlook zikhoza kukana makalata anu kapena kuwaponya mu spam.