Mwana wandilembera m'kope kuti watopa ndi moyo, ndichite bwanji?

Membala wobisa dzina:
Moni nonse pagulu pano. Ndabisa dzina chifukwa nkhaniyi ikukhudza mwana wa eni.

Ndine mphunzitsi wa sekondale, ndagwira choko zaka 9. M'kalasi mwanga muli mtsikana wa zaka 15 amene chaka chatha sankatsika pa nambala 3. Teremu ino wasintha. Amabwera mochedwa, amagona pa desiki, nthawi ya buleki amatsala yekha m'kalasi. Anzake akamuyankhula amangowakalipira, chonsecho anali mwana wansangala. Ndiulule kulakwa kwanga: kawiri konse ndinamupatsa chibalo chifukwa chosinza, ndipo mu sitafu rumu tinagwirizana kuti wayamba zibwenzi. Mtsikana akatsika malikisi timathamangira komweko, ngati palibe china chingamuchitikire.

Lachiwiri ndinawapatsa chimangirizo chakuti afotokoze komwe akudziona pakatha zaka 10. Ndikuchonga usiku, ndinapeza kuti iye walemba mizere inayi yokha. Womaliza unkati sakudziona ali moyo nthawi imeneyo, ndipo anthu akanapuma iye kulibe. Dzulo ndinamuitanira padera. Analira nthawi yaitali osanena chavuta, kenaka anandigwira dzanja n'kuti, "Madamu, chonde musawauze akunyumba." Ine pofuna kuti atonthole ndinangoti chabwino.

Kuchokera pamenepo tulo ndilibe. Pasukulu pathu palibe amene anaphunzira za uphungu. Ndikawauza makolo ndaphwanya lonjezo, ndipo mwina sadzandiuzanso kanthu. Ndikakhala chete, china chikachitika ndidzayang'ana bwanji amayi ake? Kumufunsa mwachindunji za kudzipha ndikuopanso, mwina ndingamuike maganizowo m'mutu. Ndithandizeni nzeru.

Namwino wa odwala maganizo:
Aphunzitsi, mwachita bwino kufunsa, koma izi si zodikira Lolemba. Choyamba chotsani mantha amenewo. Kufunsa munthu ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo, akatswiri anafufuza kale zimenezi. Ambiri amapeputsidwa mumtima poona kuti wina watchula chinthu chomwe iwo amalephera kuchitchula. Mufunseni modekha, osazungulira: "Zomwe unalemba zija ndawerenga. Kodi ukuganiza zodzipha?" Akavomera, funsani ngati waganizirapo njira ndi tsiku. Ngati njira anakonza kale, musamusiye yekha, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo kunyumba achotse mankhwala ndi china chilichonse chomwe angadzivulaze nacho.

Zizindikiro mwatchulazo timazidziwa. Matenda ovutika maganizo timayamba kuwaganizira munthu akakhala wokhumudwa kapena wopanda chidwi ndi zinthu pafupifupi tsiku lililonse kwa milungu iwiri kapena kuposera. Kwa achinyamata nthawi zambiri amaonekera mu ukali, n'chifukwa chake akuluakulu amangoti mwano. Inu simungapime matenda, imeneyo ndi ntchito yathu. Yanu ndi kumufikitsa kwa ife.

Bambo wa ana anayi:
Ana a masiku ano anyanya kuleredwa ngati mazira. Zaka 15 nkhawa yake ya chiyani, amalipira lendi? Mulandeni foni, muona achira.

Namwino wa odwala maganizo:
Bambo, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la m'maganizo, ndipo pafupifupi theka la matenda amenewa limayamba munthu asanapitirire zaka 14. Mukawerengera, m'kalasi ya ana 56 ndi ana ngati 8. Kudzipha kuli m'gulu la zinthu zomwe zimapha kwambiri anthu a zaka 15 mpaka 29. Pa za foni pali pomwe mukulondola: wachinyamata amafunika kugona maola 8 mpaka 10, ndipo foni ya usiku imaba tulo. Koma mwana amene walemba kuti anthu akanapuma iye kulibe sachira pomulanda foni.

Mtsikana wa ku koleji:
Madamu, ine ndinali mwana ngati ameneyo. Sindinkafuna kuti andithetsere mavuto, ndinkangofuna wina asandiseke. Amene anandipulumutsa anali aphunzitsi a masamu, munthu woopsa amene tonse tinkamuthawa. Sanandilalikire. Ankangondifunsa m'mawa uliwonse kuti, "Wagona bwanji lero?" n'kudikira yankho. Atandiuza kuti nkhaniyo aifikitsa kwa azakhali anga ndinakwiya nawo mwezi wathunthu. Lero ndimawaimbira foni. Chinthu chimodzi chokha ndikupempheni: anzake asamve, ndipo mu sitafu rumu musakaiyale. Ana amamva zonse zokambidwa mmenemo.

Mphunzitsi wamkulu wopuma:
Mwanawe, lonjezo lija unalakwitsa, koma tonse tinalakwitsapo chomwecho. Bwerera kwa iye ukamuuze zoona: "Ndinavomera kusunga chinsinsi, koma moyo wako ukakhala pachiswe sindingakhale chete. Tiye tisankhe limodzi munthu womuuza." Akakhala nawo posankhapo sadzaona ngati wamugulitsa.

Koma usathamangire kunyumba usanadziwe chifukwa chomwe akukanira. Mwina akungoopa kukalipiridwa. Mwinanso vuto lenilenilo lili m'nyumba momwemo, nkhanza kapena kugwiriridwa, ndiye ukatumiza kalata kwa makolo wakamupereka m'manja mwa womuzunza. Mufunse kuti, "Kunyumba umakhala mwamtendere? Alipo amene umamuopa?" Zikakhala choncho nkhaniyo ndi ya a zachitetezo cha ana. Ahedi ako uwauze mawa m'mawa, ndipo ulembe tsiku, zomwe mwana ananena ndi zomwe unachita. Katundu ameneyu si wosenza wekha, nawenso angakudwalitse.

Mayi wina:
Tizimupempherera mwanayu, Mulungu amukhudze.

Mtsikana wa ku koleji:
Amayi, pemphero ndi labwino, koma apitenso kuchipatala. Ine anandipempherera kwambiri, ena mpaka kundiuza kuti ndili ndi chikhulupiriro chochepa, ndipo mawu amenewo anangondiwonjezera kudziimba mlandu.

Wophunzira za uphungu:
Za mwanayu anena kale akuluakulu. Ine ndikhudze zakuti pasukulu palibe phungu. Ku Zimbabwe Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi kumvetsera anthu ovutika maganizo, ndipo zinathandiza ambiri. Sukulu ikhoza kutengerapo: aphunzitsi awiri, wamwamuna ndi wamkazi, aphunzitsidwe kumvetsera, ana adziwe nthawi ndi malo owapezera, pakhalenso kulumikizana ndi chipatala chapafupi. Zongoyankhula pa asembule pa 10 Okutobala, tsiku loganizira za umoyo wa m'maganizo, kenaka n'kuiwala chaka chonse, sizifika patali.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Ndamuitananso lero ndipo ndamufunsa monga ananenera anamwino, mawu akunjenjemera. Wavomera kuti amaganiza zimenezo, makamaka usiku, koma njira sanakonze. Akuti kunyumba palibe womuzunza, koma chimwalirireni mchimwene wake chaka chatha palibe amene amatchula dzina lake, ndipo amayi ake akamuona akulira nawonso amalira. Ife kusukulu sitinkadziwa n'komwe za malirowo. Wasankha kuti tiuze mkulu wake wamkazi, ndipo ahedi avomera kuti mawa tipite naye kuchipatala. Funso lina kwa anamwino: polowa kwa dokotala ndilowe naye, kapena ndidikire panja?