Kompyuta ya agogo yakana kulowa mu Windows

Amayi aang'ono: Mwadzuka bwanji nonse. Kompyuta ija anasiya malemu bambo yandikanika. Ndikaiyatsa sikirini ikungosanduka yabuluu, kenako nkuzima yokha nkuyambiranso. Zithunzi zonse za bambo zili momwemo, ndi mawu aja tinawajambula akufotokoza mbiri ya banja lathu. Usiku sindinagone.

Malume: Pepani achemwali. Ipite kwa wokonza akaikemo Windows yatsopano, nkhani ithe.

Mdzukulu: Chonde malume, zimenezo zidikire kaye. Okonza ambiri akamaika Windows yatsopano amayamba afufuta hadi disiki yonse, ndiye mawu a agogo angapitire pomwepo. Amayi aang'ono, tajambulani zomwe zalembedwa pa sikirinipo.

Amayi aang'ono: Foni ikukana kutumiza chithunzi. Pansi penipeni palembedwa INACCESSIBLE BOOT DEVICE.

Mdzukulu: Ndiye kuti Windows yayamba kudzuka koma ikulephera kufikira disiki yomwe imakhalamo. Tsopano muiyatse kamodzi kokha, muike khutu pa bokosi la kompyutalo. Mukumva kugogoda kobwerezabwereza, kuti tiki tiki tiki?

Amayi aang'ono: Ayi, ndikungomva fani ikupemerera.

Mdzukulu: Mtima wanga wakhalako pansi. Disiki ikamagogoda imakhala ikufa, ndipo kuiyatsayatsa kumangoipweteka. Komabe muizimitse, muzule ku magetsi, isayakenso mpaka tibwere.

Msuweni: Ine ndakumbuka kanthu. Mwezi watha nditabwera kudzasindikiza kalata, wotchi yake inkaonetsa chaka cholakwika. Ndinakonza, koma m'mawa mwake inali itabwereranso.

Mdzukulu: Asuweni mwathandiza kwambiri! M'kati mwa kompyutamo muli kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, CR2032, ka mavoti 3. Ndi kamene kamasunga nthawi ndi makonzedwe a BIOS (kapulogalamu kamene kamadzutsa kompyuta Windows isanayambe) kompyuta ikazulidwa ku magetsi. Kakatha, makonzedwe aja amabwerera m'mene analili kufakitale. Ngati disiki inkayenda pa AHCI nkusinthira pa RAID kapena IDE (izi ndi njira zolankhulirana kompyuta ndi disiki), Windows imasokonezeka nkulemba mawu omwewa. Chingwe cha SATA, cholumikiza disiki m'kompyutamo, chikakhwefuka zimathekanso, tikachiona.

Amayi: Mwanangu, zachizunguzo ife sitikuzitsata. Ungotiuza, mawu a bambo apulumuka?

Mdzukulu: Chiyembekezo chilipo chachikulu amayi, bola titsate ndondomeko. Loweruka tichotse disiki ija, tiilumikize ku laputopu yanga, tikopere zithunzi ndi mawu onse. Kukonza kubwere pambuyo pake.

Malume: Ndamva mphwanga, ndinafulumira. Ndigule chiyani?

Mdzukulu: Hadi disiki yakunja yosungirapo zinthu, ndi kabatire kaja. Asuweni, muli ndi adaputa ya SATA kupita ku USB?

Msuweni: Ndili nayo yaing'ono, ya madisiki a laputopu.

Mdzukulu: Imeneyo siikwanitsa. Disiki ya kompyuta ya patebulo ndi yaikulu, ya mainchesi 3.5, imafuna mavoti 12 pomwe USB imapereka 5 okha. Pakufunika yokhala ndi pulagi yakeyake.

Msuweni: Ndibwereka kwa mnzanga wakuntchito, ndikuuzani Lachinayi.

Amayi: Ine ndili ndi fulashi ya 8GB. Ingathandize?

Mdzukulu: Kwambiri. Ndiikapo pulogalamu yoikira Windows, kuti tikasintha batire ndi kubwezeretsa BIOS koma nkukanabe, tiyese Startup Repair, chida chokonzera Windows ikakana kudzuka. Koma muchotsemo kaye zanu zonse, chifukwa pokonza fulashiyo zonse zimafufutika.

Amayi: Muli zithunzi za ukwati wa mchemwali wako, ndisamutsa lero.

Amayi aang'ono: Nanga ikafunsa pasiwedi? Bambo ankalemba zotere m'kabuku kofiira kaja.

Mdzukulu: Kafufuzeni kakhale pafupi. Mukaonamo nambala yaitali ya manambala 48, imeneyo ndi kiyi ya BitLocker, loko wa Windows wokhomera disiki, popanda iyo disiki yokhomedwa sitseguka.

Malume: Tikamaliza, aliyense atenge kope lake la mawu a bambo. Loweruka ndifika 9 koloko.

Amayi aang'ono: Ndazula kale pulagi, ndipo ana ndawauza asaikhudze. Kabuku ndakapeza m'dirowa, ndakaika pamwamba pa bokosi.