Pilato wanga wandiika m'mavuto, ndithandizeni

Wosema wa ku Chibavi: Akuluakulu, monire mose. Tchalitchi china cha kumudzi, njira ya ku Ekwendeni, chinandipatsa ntchito ya Njira ya Mtanda, matabwa 14 a mlombwa. Tinapangana kuti nkhope zikhale zathu zomwezi. Yesu ndamusema wakuda, amayi Maria avala chilundu ndi duku, Veronika akumupukuta ndi nsonga ya chitenje. Zonsezi anaombera m'manja. Moto wabuka pa thabwa loyamba. Pilato ndinamuveka chikopa kumutu ndi litchowa m'manja, asilikali ndinawapatsa zishango ndi zibonga. Gogo wina wa m'komiti anayang'ana nthawi yaitali, kenaka n'kufunsa kuti, "Mwana wanga, ndiye ukuti Yesu tinamupha ndife Angoni?" Ndalama yotsala aimitsa, ndipo Lenti yayandikira. Ndisemenso onse?

Mayi wa penti, Katoto: Pepani achimwene, koma agogowo sanalakwe. Munthu amavina ingoma ndi chishango chomwecho pa Umthetho, mwambo wa Angoni ku phiri la Hora, ndiye Lachisanu lililonse azigwada n'kumachiona m'manja mwa okhoma misomali? Ngakhale ine ndikanakana.

Mnyamata wa masaini: Koma ngati Yesu ndi wathu, omupha akhale azungu basi? Kumeneko n'kudzikonda. Uthenga wake si woti tonse ndife ochimwa?

Mayi wa penti, Katoto: Tonse, eya. Koma iwo sanaseme tonse, asema mtundu umodzi.

Mkulu wa ku Zolozolo: Ana inu, khalani kaye pansi. Ine dzanja ndinalikhwimitsira ku Mua, ku Kungoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe omwe anayambitsa Bambo Claude Boucher m'chaka cha 1976. Kumeneko Yesu wa nkhope ya kwathu si nkhani yachilendo. Chimene ndinatolako n'chakuti chovala chimalankhula kuposa nkhope. Chishango cha chikopa chili ndi eni ake, ndipo eni akewo ndi amene akukulipira. Iwe wa ku Chibavi, wasema mozama bwanji? Nanga asilikali ali pa matabwa angati?

Wosema wa ku Chibavi: Thabwa ndi la mainchesi awiri, ndalowa pafupifupi theka. Asilikali ali pa loyamba, lachiwiri, lachisanu pamene akukakamiza Simoni wa ku Kirene, lachikhumi ndi la 11.

Mkulu wa ku Zolozolo: Ndiye ukulira chiyani, nyama ilipo yambiri. Usataye thabwa ngakhale limodzi, mlombwa wouma bwino masiku ano ndi golide. Nthenga za kumutu uzisadze ndi tchizulo chaching'ono, chitsale chisoti chosalala ngati chachitsulo. Chishango udule nsonga ya pamwamba ndi ya pansi, mbali uziwongole chikhale cha makona anayi ngati cha Aroma, timizere ta pakati tija upale. Chibonga n'chosavuta, chotsa mutu chisanduke ndodo. Uzitsata kumene mtengo ukulowera, mlombwa ukaupita chopingasa umathetheka ndipo ungachotse mphuno ya msilikali. Litchowa la Pilato lichoke ndithu, mafumu athu asamuone ngati mnzawo. Muikire beseni, paja anasamba m'manja.

Mphunzitsi wa zaluso, Luwinga: Ndiwonjezeko nzeru ya ku Ethiopia, komwe Chikhristu chinakhazikika m'zaka za m'ma 300. Ojambula a m'matchalitchi akumeneko ali ndi mwambo woti munthu wabwino amaoneka nkhope yonse, maso onse awiri, pamene woipa amamujambula cham'mbali, diso limodzi lokha. Woonera amadziwa yekha mdani popanda kumuveka zovala za mtundu wa wina. Pa matabwa amene nkhope za asilikali simunazimalize, yesani zimenezo. Simoni musamukhudze, Kirene anali ku Libya, ndi wa mu Africa kale.

Wosema wa ku Chibavi: Aphunzitsi, zimenezo zandigwira mtima. Pa la 11 nkhope zikadali zosasalaza, zitheka. Nkhawa yanga ndi mtundu. Atatu oyamba ndinapaka kale vanishi, posema pakhala poyera ngati chipsera.

Kalipentala wa ku Mchengautuwa: Osapaka pachigamba pokha, zimaoneka ngati galu wa mawanga. Palani thabwa lonse ndi sandipepa, mupake linsidi oyilo kawiri, mulisiye liume. Ndipo vanishi ndi nkhungu ya Mzuzu sizimvana. Mukapaka m'mamawa kukuchita kamvula kathu kaja, imayera ngati mwathira mkaka. Dikirani dzuwa la masana, kuseri kwa thabwa mupakenso, apo ayi khoma likanyowa lidzapindika.

Mayi wa penti, Katoto: Musanakhudze tchizulo, jambulani Pilato watsopanoyo papepala, mupite naye kwa Bambo Mfumu ndi komiti, asaine. Agogo aja muwapatse pepalalo m'manja mwawo, ayambe ndiwo kuliona. Ine chisaine-saine chinandipulumutsa pamene ena ankati mngelo wanga wafanana ndi mlamu wawo.

Mnyamata wa masaini: Ine ndikuonabe kuti loyambalo linali lamphamvu. Mwalijambula pafoni musanalisadze?

Wosema wa ku Chibavi: Ndalijambula, ndikutumizira kumbali. Yewo nonse. Mawa ndikwera ya m'mawa ndi mapepala. Akulu a ku Zolozolo, tchizulo chanu chopindika chija mungandibwereke mpaka Loweruka?

Mkulu wa ku Zolozolo: Bwera utenge, koma chibwere chonola. Chija unabwereka chaka chatha chinabwera ngati supuni.