Ndibiseni dzina: mahomoni amayezedwa bwanji, nanga abambo nawo ayezetse?

Adimini chonde ndibiseni dzina, pagulu pano pali alamu anga. Ndine mayi wa zaka 31, ndili ndi mwana mmodzi, ndinasiya jakisoni wa Depo chaka chatha koma mpaka pano mimba osatenga. Msambo ukungobwera mwa apo ndi apo, pena miyezi itatu zii kenako ukabwera ndiye wambiri, pachibwano pakumera tindevu touma timene ndimazula m'mawa abambo asanadzuke, ziphuphu nazo zabwerera, thupi likungonenepa chonsecho kadyedwe ndi komweko. Kuchipatala china cholipira anangondiyang'ana n'kuti mahomoni asokonekera, n'kundipatsa mapilisi, magazi osatenga. Apongozi akuti Depo inandiumitsa, mnzanga akundikakamiza tiyi wake wotsuka m'mimba. Ndiye ndithandizeni, mahomoniwa amayeza bwanji, ndi magazi kapena sikani? Ndingapite tsiku lililonse? Komanso abambo kunyumba masiku ano akungodandaula kutopa, chilakolako chatsika, kodi amuna nawo amakhala ndi vuto lomweli?

Mayi wa ku Area 25: Asisi Depo siumitsa munthu ayi, imangochedwa kuchoka m'thupi, ena amadikira miyezi 10 ena kupitirira chaka asanatenge mimba. Koma ndevuzo sindikuganiza kuti ndi Depo.

Namwino: Mayi, zomwe mwafotokozazi zikufanana ndi PCOS, vuto la mahomoni lomwe limasokoneza msambo ndi kutuluka kwa mazira, koma pafoni sitingagamule. Adokotala amaona zinthu zitatu, msambo wosalongosoka, zizindikiro zoti homoni yachimuna yachuluka ngati ndevu ndi ziphuphuzo, ndi sikani yoonetsa timatumba tambirimbiri m'thumba la mazira. Ziwiri mwa zitatuzi zikapezeka, ndipo matenda ena ofanana nazo akawayeza osawapeza, ndi pomwe amati ndi PCOS. Poyamba adzakuyezani ngati muli ndi mimba, musakhumudwe nazo, ndi momwe zimayambira.

Nkhani ya tsiku ndiye yomwe anthu amatayira ndalama zambiri. Magazi oyezera mahomoni oyendetsa msambo otchedwa FSH, LH ndi estradiol amatenga pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachisanu kuwerenga kuchokera tsiku lomwe mwayamba kusamba. Progesterone, yoona ngati dzira linatuluka, amatenga kutatsala masiku 7 kuti musambenso, kwa amene msambo wawo umazungulira masiku 28 ndiye tsiku la 21 lotchuka lija, koma kwa inu amene msambo sukudziwika tsiku la 21 lingakunamizeni, adokotala akuuzeni okha tsiku. TSH ya chithokomiro sifuna tsiku lapadera. Prolactin, homoni ya mkaka wa m'mawere, nayonso ayeze, makamaka ngati mawere akutuluka mkaka musakuyamwitsa, ikakwera imaimitsa msambo. Shuga asaiwale, PCOS imayenda kwambiri ndi shuga. Ndipo ngati mukumwabe mapilisi aja muwauze, ngati ali olera amasokoneza zotsatira.

Mnyamata wina: Inbox mayi ndili ndi mankhwala achilengedwe, sabata ziwiri basi mahomoni onse bwinobwino.

Mayi wa ku Zomba: Taonani awa afika kale. Mahomoni ake ati achimwene, mwawayeza ndi chani? Asisi musalowe inbox imeneyo. Komanso Clomid, mankhwala othandiza kuti dzira lituluke, musamagule mwa nokha chifukwa mwamva kuti wina anabereka naye mapasa, ameneyo amafunika dokotala azikutsatirani.

Bambo wina: Ndiyankhe za amuna poti azimayi mwangodumpha. Eya amuna timakhala nalo vutoli. Testosterone, homoni yachimuna ija, amayeza magazi m'mawa isanakwane 10 koloko usanadye kanthu chifukwa masana imatsika yokha, ndipo ikapezeka yotsika amabwereza tsiku lina asananene chilichonse. Koma kutopa ndi kuchepa chilakolako sikuti nthawi zonse ndi mahomoni, shuga, BP, mowa, kunenepa, kusagona mokwanira, nkhawa za ngongole, zonsezi zimagwetsa mwamuna. Poti mukufuna mwana chofunika kwambiri ndi kuyezetsa umuna, amakupatsa kabotolo, umafunika ukhale masiku 2 mpaka 7 osagona ndi mkazi. Manyazi amakhalapo sindikana. Chinanso asayerekeze kubayitsa jakisoni wa testosterone wa anyamata a ku jimu uja, ameneyo amachepetsa mbewu ya abambo, mwana ndiye muzamuiwala. Gondolosi naye sayeza magazi.

Mwini funso: Zikomo nonse, anesi mwanditsegula m'maso. Koma vuto abambowo ndiwauza bwanji? Ndikangoyamba nkhaniyi amati mwana woyamba uja anabwera bwanji, vuto ndi iweyo.

Mayi wa ku Zomba: Mwana woyamba anabadwa liti? Thupi limasintha, la mwamuna lomwe. Musawauze kuti akayezetse mphamvu, auzeni kuti adokotala akufuna tonse awiri, ndipo ndi zoona, banja likatha chaka likuyesa osatheka amayeza onse.

Namwino: Eya. Yambirani kuchipatala chapafupi akulembereni kalata yopita kwa dokotala wa amayi ku Central kapena ku Queens, kutengera komwe muli. Mayeso ena angakutumizeni ku labu yolipira ndiye funsani mtengo musanapereke mkono. Kuyambira lero muzilemba m'kope tsiku lililonse lomwe mwasamba, tengani buku lanu lakuchipatala lomwe muli tsiku la jakisoni womaliza, ndi paketi ya mapilisi aja. Tindevu ito musazule sabata yomwe mukupitayo, adokotala atione.