Mano a mwana wanga akuda n'kumabenthuka, ndidikire agweluke okha?

Amayi ndi abambo a m'gulu lino, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala ku Area 25, ndili ndi ana awiri, mtsikana wa zaka 3 ndi mnyamata wa miyezi 10.

Nkhani ili pa wamkuluyu. Mano ake anayi akutsogolo, a m'mwamba, anayamba ndi timizere toyera ngati choko cha m'mphepete mwa nkhama. Kenako panachita chikasu, pano pada ndithu, ndipo awiri ayamba kubenthuka. A m'munsi ali bwinobwino, oyera mbee. Masiku ano akamwa madzi ozizira amagwira pakamwa, chimanga chootcha anasiyiratu, ndipo usiku wina amadzuka n'kumalira osanena chomwe chikumupweteka.

Kadyedwe kake ndi kotere: chisiyireni kuyamwa, sagona popanda botolo la tiyi wamkaka kapena Sobo. Kusukulu ya mkombaphala amanyamula juwisi ndi mabisiketi ngati anzake onse. Timamutsuka m'kamwa m'mawa ndi mswachi wokha, mankhwala sitiikapo chifukwa amameza.

Apongozi anga akuti ndisataye nthawi, mano amenewa ndi ongodikirira, agweluka okha. Bambo ake akuopa kuti kuchipatala akangofikira kuzula, mwana n'kukhala wopanda mano mpaka Sitandade 1. Ine mtima sukundilola kungokhala, chifukwa amene ndimadzuka naye usiku ndine. Kodi mano oterewa amathandizika osazula? Ndiyambire kuti kuno ku Lilongwe? Chinanso, wakhandayu watulutsa mano anayi. Ndinamva kuti mwana amayenera kuonedwa ndi a mano asanadwale n'komwe. Ndi zoona zimenezi, kapena ndi za anthu a ndalama? Sindikufuna kuti nayenso adutse momwemu.

Mayi wa ku Kawale:
Achemwali, musadikire. Wanga anayamba chimodzimodzi, aliyense ankati agweluka. Tsiku lina anadzuka tsaya litatupa mpaka diso kuchepa, pankhama pali kachithupsa kotuluka mafinya, thupi lili moto. Apo ndiye panalibenso zokambirana, atamwa mankhwala anazula awiri. Anali ataonda chifukwa chakudya ankangochinyambita. Pitani naye panopa pamene tsaya lisanatupe.

Bambo wa ku Chinsapo:
Koma agogowo sakunama ayi. Ife tonse tinakula osamuonapo dokotala wa mano, mano anagweluka, ena anamera. Masiku ano chilichonse n'chipatala basi.

Mayi wa ku Area 49:
Bambo, inu munakula mukudya mbatata, chinangwa ndi mango a nyengo yake. Fanta munkaiona pa Khirisimasi. Ana a lerowa okala ili pakhomo, mafirizi pa geti la sukulu, shuga m'phala, shuga mu tiyi, maswiti a chenje. Nthawi sizofanana.

Wogwira ntchito ya mano (dental therapist):
Mayi, mwachita bwino kufunsa. Sindinamuone mwanayo, koma zomwe mwafotokozazi timaziona pafupipafupi, ndipo botolo logona nalo ndi limene ndikulikayikira kwambiri. M'kamwa mwa aliyense mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Tikapeza shuga timatulutsa asidi, asidiyo n'kumasungunula chikuto cha dzino pang'onopang'ono. Masana malovu amatsuka ndi kubwezeretsa, koma munthu akagona malovu amachepa kwambiri. Ndiye mwana akagona tiyi wa shuga ali m'kamwa, mano amakhala mu asidi usiku wonse. A m'munsi apulumuka chifukwa lilime limawaphimba poyamwa botolo, komanso malovu amatulukira pafupi nawo. A m'mwambawo alibe chowateteza.

Za kugweluka, agogo ake akunena zoona, koma taonani nthawi yake. Mwana amakhala ndi mano oyamba 20. Akutsogolo amagweluka ali ndi zaka 6 kapena 7, pomwe otafunira a kumbuyo amakhala mpaka zaka 10 mpaka 12. Wanuyo ali ndi zaka 3. Kudikira ndiye kuti mukumuuza apirire ululu zaka zina zitatu kapena kuposa. Komanso pansi pa dzino lililonse loyamba pali dzino lachikulire lomwe likupangika. Mafinya akafika kumuzu amatha kuliwononga lisanamere. Ndipo otafunira akazulidwa msanga, oyandikana nawo amasendera pampatapo, lachikulire n'kusowa potulukira, n'kumera mokhota.

Bambo ake auzeni kuti kuzula si njira yokhayo. Timizere toyera tija ndi poyambira, pamenepo dzino limakhala lisanabowoke ndipo kuwolako kumatha kuimitsidwa ndi fluoride (mankhwala olimbitsa chikuto cha dzino) ndi kusintha kadyedwe. Likabowoka pang'ono timayeretsa n'kumata. Palinso mankhwala opaka otchedwa silver diamine fluoride omwe amaimitsa kuwola popanda kuboola, kungoti pamalo powolapo pamada. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2021, mukafunse ngati alipo kumene mupiteko. Kuzula kumabwera dzino likawola mpaka mkati. Anthu amati kwa a mano n'kozula chifukwa ambiri amatipeza zitafika kale pamenepo. Poti wayamba kudzuka usiku, mwina limodzi lafika patali, choncho musalole mwezi uno kutha.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri adokotala, mwandimasula. Nanga za wakhandayu? Ndikakamutenga alibe vuto lililonse sakandibweza? Ndipo mankhwala otsukira mano aja akameza sizoopsa?

Wogwira ntchito ya mano (dental therapist):
Mutengeni onse awiri tsiku limodzi. Malangizo omwe akatswiri a mano a ana amapereka ndi oti mwana aonedwe koyamba pasanathe miyezi 6 chitulukireni dzino loyamba, kapena asanapitirire chaka chimodzi. Ulendo umenewo sukhala wa jakisoni. Mumamukhazika pamiyendo, ife timakweza mlomo n'kuyang'ana, timafunsa zomwe amadya ndi kumwa, timakuonetsani katsukidwe. Mwana amene anazolowera kutsegula pakamwa asakumva ululu savuta akadzakula. Amene tsiku lake loyamba ndi lozula dzino, mantha ake amafika nawo mpaka ku ukulu. Inunso kunyumba muzikweza mlomo wa m'mwamba kamodzi pamwezi pamalo powala, muziyang'ana timizere toyera tija.

Mankhwala otsukira ayambeni lero kwa onse awiri. Werengani pachubu, pakhale polembedwa fluoride wosachepera 1000 ppm. Mwana wosakwana zaka 3 mumangopaka pang'ono kukula ngati njere ya mpunga, wa zaka 3 mpaka 6 ngati nsawawa imodzi. Pamlingo umenewo akameza pang'ono palibe choopsa, bola chubu chizikhala patali asamadye. Kawiri patsiku, ndipo kofunika zedi ndi usiku asanagone. Akatsuka alavule basi, asachukuche ndi madzi, kuti mankhwalawo atsalire pamano. Pambuyo pake chololedwa ndi madzi okha. Mswachi muzigwira ndinu, mwana wa zaka 3 amangouyamwa, ndipo muzimuthandizabe mpaka zaka 7 kapena 8.

Mayi wa ku Nathenje:
Pepani ndilowerere. Kwathu kuno ana ambiri mano awo ndi ofiirira, ndipo tinauzidwa kuti ndi fluoride wa m'madzi a m'mijigo. Ndiye mukutiuzanso kuti tiziwapatsa fluoride yemweyo?

Wogwira ntchito ya mano (dental therapist):
Funso labwino mayi, ndipo n'zoona kuti madzi a m'mijigo ina ya ku Nathenje anapezeka ndi fluoride wambiri. Koma ndi matenda awiri osiyana. Matenda a kwanuwo amabwera mwana akamamwa madzi oterowo tsiku ndi tsiku pamene mano akupangika mkati mwa nkhama, ndipo amaoneka kwambiri pa mano achikulire, mawanga ake amakhala mbali zonse mofanana. Matenda a mwana wa ku Area 25 uyu ndi kuwola, pamafewa, pamabowoka, pamapweteka. Kwa inu a kumeneko, samalani kwambiri mlingo wa mankhwala pamswachi ndipo mukafunse a mano akuone mwanayo maso ndi maso.

Mayi wa ku Biwi:
Ine ndingothandizapo pa botolo, chifukwa pamenepo ndiye pali nkhondo. Musamulande tsiku limodzi, nyumba yonse sigona. Ine ndinkathira madzi ochulukirapo usiku uliwonse, shuga kumachepetsa, mpaka m'botolo munatsala madzi okhaokha. Ataona kuti mulibe kukoma analitaya yekha. Tiyi wake azimwera m'kapu, nthawi ya chakudya, atakhala pansi. Ndipo muuzeni aliyense wa m'nyumbamo, mtsikana wantchito, azakhali, agogo, chifukwa inu mukapita kuntchito wina amamupatsa mobisa kuti asalire. Kusukulu muzimuikira madzi, nthochi, mbatata yophika kapena dzira. Sabata yoyamba adandaula, kenako azolowera.

Namwino wa kusikelo:
Ndiwonjezere ziwiri. Wakhandayo musamusiyitse bere chifukwa cha nkhani ino, apitirize kuyamwa mpaka zaka 2 monga timalangizira kusikelo, inu muzingomutsuka timano take usiku. Botolo asaliyambe n'komwe, pa miyezi 10 kapu amaitha, ndipo phala lake lisakhale la shuga, nsinjiro zimakwanira. Chachiwiri, tizilombo towoletsa mano timachoka kwa akulu kupita kwa mwana. Kumutafunira chakudya, kulawa phala ndi supuni yake yomweyo, kubwerekana mswachi ndi mchemwali wake, zonsezi zisiyeni. Ngati inuyo kapena bambo ake muli ndi dzino lobowoka, kathandizidweninso.

Wina asakuuzeni zoika aspirin, mchere kapena mafuta a galimoto padzino la mwana, zimawotcha nkhama. Akamva kupweteka, Panado wa ana pamlingo wa msinkhu wake, uku mukukonzekera ulendo. Mukaona tsaya latupa kapena thupi latentha, musadikire kuti kuche kawiri.

Bambo wa ku Area 36:
Za koyambira, pitani kuchipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwanu ndi mabuku awo a kuchipatala, mukafunse ngati a mano alipo tsiku limenelo. Ngati n'zofunika zambiri akulemberani kalata yopita ku Kamuzu Central, kumene kuli dipatimenti ya mano. Lawirirani m'mamawa, ana adye kaye. Zipatala zolipira za mano ziliponso zingapo m'tauni muno, koma funsani mtengo wongoonetsa musanakhale pampando. Anthu a ntchitoyi ndi ochepa m'dziko muno. Ma therapist amaphunzira ku Malawi College of Health Sciences konkuno ku Lilongwe, koma maphunziro a udokotala wa mano anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe pano ili pansi pa yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). Ndiye mzere mukaupeza, musabwerere.

Wofunsa:
Ambuye akudalitseni nonse. Bambo ake ndawawerengera zonsezi, avomera, akuti atiperekeza Lachiwiri ndipo onse awiri tikawatenga. Mankhwala otsukira ndagula pobwera kuntchito, alembapo 1450 ppm, ndikhulupirira ali bwino. Chatsala ndi apongozi. Iwowa amamukonda mdzukulu wawoyu zedi, ndipo akabwera sabwera chimanjamanja, m'chikwama mumakhala maswiti ndi mabisiketi. Ndiwauze bwanji osaoneka ngati ndikuwanyoza?

Mayi wa ku Kawale:
Musawauze ndinu, awauze mwana wawo. Kapena atengeni Lachiwirilo, akalowe nawo, akadzionere okha dokotala akukweza mlomo wa mdzukulu wawo. Anga anasintha atamva kuchokera kwa a chipatala, pano amabwera ndi nthochi ndi mtedza.

Wogwira ntchito ya mano (dental therapist):
1450 ili bwino, ingosamalani mlingo uja. Agogowo musawaletseretu, apempheni kuti chotsekemeracho azimupatsa akangomaliza nsima, kamodzi, osati kumangomupatsa pang'onopang'ono tsiku lonse. Chomwe chimawononga kwambiri ndi kuchuluka kwa maulendo omwe shuga akulowa m'kamwa. Lachiwirilo mukanene zonse za botolo ndi kulira kwa usiku, ndipo musanatuluke mukafunse tsiku lodzabweranso.